Bruges pa wapansi, Damme pa njinga: masiku awiri musananyamuke ulendo wopalasa

Ngati mwakonza zokapalasa njinga kwa sabata yathunthu kapena kupitirira apo ku Flanders, kumpoto kwa Belgium uko, nde mwasankha kuyambira ku Bruges, dzipatseni masiku awiri mtaunimo musananyamuke. Limodzi silikwana ayi, limangothera mu tulo ndi kusokera m'tinjira. Koma masiku awiriwo muwagawe bwino: loyamba ndi la wapansi mkati mwa tauni, lachiwiri ndi la njinga kunja kwa tauni. Ine ndinasakaniza ziwirizi ulendo woyamba, ndinkafuna kuona chilichonse ndili pa chishalo ngati wa kabaza, mapeto ake ndinangokhalira kuliza belu kumbuyo kwa gulu la alendo ojambula zithunzi, kutsika, kukankha, kusaka pomangirira njinga, ndipo tauniyo sindinaione bwinobwino, njinganso sindinaiyese.

Zofika kaye mwachidule. Wa pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Schengen, ndipo abale athu a ku UK musanamizike, chikalata chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Belgium, viza ndi yomweyo basi. Kuchoka ku London pa Eurostar ndi maola awiri kufika ku Brussels, kenako sitima ina ola limodzi muli ku Bruges. Pa zikwangwani za pa siteshoni muziyang'ana Brugge, ndi mmene eni ake amalembera, chifukwa kumeneko amayankhula Chidatchi. Musayambe ndi Chifalansa poganiza kuti mukuwasangalatsa, bola Chingerezi, ambiri amachimva bwino. Kuchokera pa siteshoni kufika pa Markt, bwalo lalikulu la pakati pa tauni, ndi mphindi 20 wapansi.

Malo ogona, funso loyamba musanalipire lisakhale la bulekifasiti koma loti njinga igona pati. Nyumba zambiri za mkati muja ndi zakale, zopapatiza, masitepe ake otsetsereka ngati makwerero, simungakwere nayo kuchipinda. Ngati alibe kachipinda kokiya kapena kabwalo ka kuseri, funani kwina. Ine ndinagonapo malo ena ake anandiuza pa foni kuti malo a njinga alipo, kufika kuja malo ake ndi chitsulo cha panja pamsewu, usiku onse ndinkangodzuka kusuzumira pa windo.

Tsiku loyamba valani nsapato zenizeni zoyendera. Zopalasira zija zokhala ndi kachitsulo kunsi zisiyeni mchikwama, chifukwa misewu ya mkati mwa Bruges ndi yoyala miyala, eni ake amaitcha kasseien, ndipo kachitsulo pa mwala wonyowa ndi kugwa chagada pamaso pa anthu. Dzukani mmamawa. Alendo ambiri a ku Bruges ndi obwera mmawa kubwerera madzulo, amafika pa mabasi ndi pa sitima cha mma 10 koloko, nde kuyambira 7 mpaka nthawi imeneyo tauni ndi yanu ndi anthu osesa basi. Pitani kaye pa Rozenhoedkaai, pakona pomwe ngalande imakhota nsanja ikuonekera kumbuyo kwa nyumba za njerwa, ndi pomwe aliyense amajambulira, masana simungapeze poponda.

Kenako Belfort, nsanja ya pa Markt. Kutalika kwake ndi mamita 83, masitepe 366, ndipo mukamakwera masitepewo amanka napanikiza mpaka kumapatsana mpata ndi otsika. Gulani tikiti pa intaneti ya nthawi yoyambirira. Chifukwa chomwe ndikunenera kuti mukwere tsiku loyamba mmawa ndi miyendo. Kukwera sikuvuta kwenikweni, chomwe chimapweteka ndi kutsika, ntchafu zimadzayamba kulira mawa lake kapena mkuja, nde ngati mwakwera madzulo a tsiku lomaliza mudzanyamuka ulendo ndi miyendo ya nkhuni. Pamwamba pali mabelu 47 ndipo amalira mphindi 15 zilizonse, akakupezani muli pafupi mumva mpaka m'mano.

Mukafika pamwamba musangojambula madenga ofiira nkutsika. Inu ndi wopalasa, yang'anani dziko lomwe mukalowemo. Ndi lathyathyathya ngati thebulo, kulibe ndi kachulu komwe. Chakumpoto kukacha bwino mumaona zitsulo zonyamulira katundu za pa doko la Zeebrugge, ndipo kumpoto chakummawa kuli mzere wa mitengo wowongoka ngati wojambula ndi lula, umenewo ndi ngalande yopita ku Damme, njira yanu ya mawa. Imvaninso komwe mphepo ikuchokera. Kumeneko phiri lawo ndi mphepo, nthawi zambiri imachokera kumadzulo kapena kummwera chakumadzulo, kunyanja, ndipo ndi yomwe idzalamule kuti tsiku lanu la makilomita 60 likhale lokoma kapena la misozi.

Mutatsika muona chipilala cha amuna awiri pakati pa bwalo, Jan Breydel ndi Pieter de Coninck, wina wogulitsa nyama wina woomba nsalu, omwe amakumbukiridwa pa kuukira Afalansa mu 1302. Zoti tauni imike chipilala cha wabutchala ndi woomba nsalu zikuuzani kale kuti kuno kunali kwa amalonda. Ubweya wa nkhosa unkachokera ku England, nsalu zinkaombedwa ku Flanders, ndipo amalonda a ku Genoa, ku Venice ndi a m'matauni a ku Germany ankakumana kuno. Ena ankasonkhana pa nyumba ya alendo ya banja la Van der Beurze, ndipo dzina la banjali ndi lomwe linabala mawu oti beurs kapena bourse, omwe zinenero zingapo za ku Ulaya zimatchulira msika wa masheya mpaka lero. Nyumbayo ili mu Vlamingstraat, kuyenda pang'ono kuchoka pa Markt.

Bwalo lachiwiri, Burg, lili pafupi pomwepo, ndi laling'ono koma kwa ine ndi lokongola kuposa Markt. Pali Stadhuis, holo ya tauni yomwe anayamba kuimanga mu 1376, ndipo pakona pali Heilig-Bloedbasiliek, matchalitchi awiri wina pamwamba pa mnzake. Anthu amathamangira cha pamwamba komwe amasunga kabotolo komwe Akatolika a kumeneko amakhulupirira kuti muli magazi a Yesu, kamene amayenda nako mtauni chaka chilichonse pa tsiku lokumbukira kukwera kumwamba. Koma lowaninso cha pansicho, chamdima, cha miyala yosapaka kanthu, cha m'zaka za m'ma 1100, mumamva kuzizira kwa zaka 800 mmenemo. Ngati ulendo wanu wagwera pa tsiku la mwambowo dziwani kuti misewu ya pakati imatsekedwa ndipo malo ogona amadzaza kalekale.

Tsopano apa ndi pomwe anthu amadzipha. Bruges ili ndi zoonetsa zambiri pamalo amodzi, ndipo kuima maola anayi kutsogolo kwa zojambula kumatopetsa msana ndi mapazi kuposa kupalasa makilomita 50, funsani aliyense anayesapo. Sankhani chimodzi kapena ziwiri basi. Mu Onze-Lieve-Vrouwekerk, tchalitchi cha nsanja ya njerwa yopitirira mamita 115, muli chosema cha Michelangelo cha Mariya ndi mwana, chomwe amalonda a nsalu a ku Bruges anagula iye akadali moyo, muli manda a Maria wa ku Burgundy, wolamulira dera limeneli kalelo, yemwe anamwalira mu 1482 atagwa pa hatchi, pambali pa a bambo ake Charles. Moyang'anizana ndi tchalitchicho pali Sint-Janshospitaal, chipatala chakale chomwe chinayamba m'zaka za m'ma 1100, lero ndi malo oonetsera zakale, muli zojambula za Hans Memling. Ine ndikanati ndisankhe chimodzi chokha ndikanapita ku Groeningemuseum kukaima pa chojambula cha Jan van Eyck cha 1436, chija chili ndi wansembe wokalamba Van der Paele atagwada atagwira magalasi ake, mitsempha ya pa mutu ikuoneka, makwinya onse, ulusi wa kapeti ungathe kuuwerenga, mpaka umadzifunsa kuti munthuyu ankajambula ndi tsitsi limodzi kapena bwanji. Onani pa intaneti tsiku lomwe malo mwasankhawo amatseka musanakonze pulogalamu.

Masana dzuwa likakwera ndi anthu atachuluka, khalani pansi. Boti la mu ngalande ndi theka la ola, mwakhala, miyendo ikupuma, ndipo nyumba mumaziona kuseri komwe katundu ankatsitsira kale. Ngolo za mahatchi za pa Markt ine ndimaziona ngati kutaya ndalama, koma kaya inu. Chakudya musadye pa Markt penipeni, lowani misewu iwiri itatu mkati mtengo umatsika. Tchipisi chawo amachikazinga kawiri nkuthira mayonezi, ndipo ngakhale ife a pa chiwaya tiyenera kuvomera kuti anthuwa amachitha. Mowa samalani nawo. De Halve Maan, fakitale ya mowa ya mkati mwa tauni, inakumba paipi ya makilomita atatu pansi pa misewu mu 2016 yopititsa mowa kokauthira m'mabotolo kuti malole asamagumule miyala ija, nkhani yosangalatsa, koma mowa wina wa ku Belgium umafika 9 kapena 11 peresenti uku ukukoma ngati thobwa, awiri okha mawa simudzuka.

Madzulo alendo akamabwerera ku mabasi awo, tsikirani kummwera ku Begijnhof. Anaikhazikitsa mu 1245, munkakhala amayi opemphera omwe sanali masisitere enieni, sankalumbira za moyo wonse, ankadzigwirira ntchito okha ndipo ankatha kutuluka kukakwatiwa akafuna. Tinyumba toyera tozungulira kapinga ndi mitengo yopendekeka, ndipo amapempha kuti mukhale chete, nde musakaimbireko vidiyo kolo ya kumudzi. Pafupi pali Minnewater ndi mbalame zake zoyera za makosi ataliatali. Mu June kumeneko dzuwa limalowa cha mma 10 koloko usiku, zomwe zimapusitsa, umaona kuwala nkumati nthawi ilipo. Kagoneni.

Tsiku lachiwiri ndi la ntchito. Ngati njinga ndi yobwereka kaitengeni shopu ikangotsegula, ndipo muibwereke kuyambira tsiku limeneli osati tsiku lonyamuka, ndalama ya tsiku limodzi lowonjezeralo ndi yomwe imakupulumutsani. Musanachoke pa shopu finyani mabuleki muone kuti dzanja liti likugwira tayala liti. Ku Belgium ndi maiko oyandikana nawo dzanja lamanzere ndi la buleki ya kutsogolo, pomwe ku Britain ndi lamanja, nde ngati dzanja lanu linazolowera zina mudzafinya ya kutsogolo mwamphamvu pa miyala yonyowa nkuuluka. Njinga zina za mtauni zilibe buleki ya pa handulo ya kumbuyo, umapondera pedulo chammbuyo, imeneyo ya ulendo wautali ndi katundu ikaneni. Yang'anani valavu ya tchubu, zilipo za mitundu itatu, ina ndi yomweija ya pa njinga zathu za kumudzi, ndipo pampu yanu ikhale yogwirizana nayo, muyeseretu pomwepo. Pemphani tchubu chapadera cha saizi yake, zigamba ndi guluu, tizitsulo tochotsera tayala. Magetsi a kutsogolo ndi kumbuyo ayake, belu lilire, belu ndi lamulo kumeneko. Chipewa choteteza mutu si lamulo koma valani. Njinga zambiri zili ndi loko wa pa tayala la kumbuyo yemwe kiyi wake amatsalira momwemo mukamapalasa, ameneyo ndi wa pogula buledi chabe, pa usiku pamafunika tcheni chomangirira ku chitsulo.

Chishalo chikwezeni mpaka mwendo uzitsala pang'ono kuwongoka pedulo ikakhala pansi. Ambirife tinazolowera chishalo chotsika kuti phazi lizifika pansi, pa makilomita 5 palibe vuto, pa 60 mawondo amakuuzani.

Kenako mangani katundu yense, yense ndithu, mmene mudzanyamukire mawa, osati kachikwama ka madzi kokha. Zolemera pansi pa zikwama za m'mbali mwa keliyala, mbali zonse zilemere mofanana, jekete ya mvula pamwamba pofikira dzanja chifukwa mvula ya kumeneko siichenjeza. Ndipo apa miyala ija yomwe dzulo imakuvutani isanduka mnzanu: palasani mphindi khumi pa kasseien ndi katundu, chilichonse chomasuka chilira, bawuti ya keliyala, madigadi, botolo, chikwama chosakoleka bwino chidumpha. Bola chigwere pano pomwe shopu ili pafupi kusiyana ndi pakati pa minda ya mbatata Lamulungu masana.

Pamsewu chinthu choyamba ndi chakuti amayenda kumanja. Ife a ku Malawi, Zambia, Joni ngakhale a ku UK tonse ndi a kumanzere, ndipo mutu umadziwa koma thupi limaiwala, makamaka ponyamuka mutaima kumwa madzi ndi pokhota pa mphambano yopanda galimoto. Ine ndinamanga kansalu kofiira ku handulo ya kumanja, zooneka zachibwana koma zinathandiza. Chachiwiri, pa mphambano yopanda chikwangwani wochokera kumanja kwanu ndi amene amayamba kudutsa, ngakhale akutuluka mu kamsewu kakang'ono, ndipo amatulukadi osayang'ana kawiri. Chachitatu, mukaona chikwangwani choletsa kulowa koma pansi pake pali chithunzi cha njinga ndi mawu oti uitgezonderd, ndiye kuti njinga ikuloledwa. Kwezani dzanja musanakhote, ndipo musaime pakati pa njira ya njinga kuyang'ana foni, ana a sukulu ndi agogo a kumeneko amathamanga ndipo sakunyengererani.

Poyeserera yambani ndi Vesten, mzere wa kapinga ndi mitengo wozungulira tauni momwe munali linga kale, pafupifupi makilomita 7. Mudutsa zipata zinayi zakale zomwe zinatsala, Gentpoort, Kruispoort, Ezelpoort ndi Smedenpoort, ndipo chakummawa kuli zigayo zoyendera mphepo pa timitunda, chimodzi mwa izo Sint-Janshuismolen cha 1770. Apa mukuona malo uku mukusintha magiya onse mmodzimmodzi kumvetsera ngati tcheni chikudumpha.

Mukafika ku Dampoort tulukani mutsate ngalande ya Damse Vaart kupita ku Damme, makilomita pafupifupi 5 okha, mowongoka, pansi pa mitengo italiitali yomwe yonse inapendekera mbali imodzi chifukwa cha mphepo ija. Panjira imeneyi phunzirani manambala. Flanders yonse ili ndi njira za njinga zolumikizana pa malo otchedwa knooppunten, mphambano iliyonse ili ndi nambala, ndipo tizikwangwani timakulozerani nambala yotsatira. Anayambitsa zimenezi ndi Hugo Bollen, injiniya wa ku migodi ku Limburg, m'zaka za m'ma 1990. Inu mumangolemba mndandanda wa manambala pa kapepala nkumata pa handulo, basi, foni ikhale mthumba batire isathe. Vuto lake ndi limodzi, mukaphonya kachikwangwani kamodzi muli pa macheza mumapita kutali musanazindikire, nde mukayenda nthawi osaona nambala bwererani pomwe munaiona komaliza, musamalote njira yachidule.

Damme ndi kamudzi ka misewu yochepa koma kali ndi holo ya tauni ya m'ma 1460 ndi tchalitchi chachikulu mopitirira msinkhu wa mudziwo, mbali ina ndi bwinja. Mukaima pamenepo pakati pa ng'ombe ndi minda, dziwani kuti panali doko. Mkuntho wa mu 1134 unatsegula mtsinje wa nyanja wotchedwa Zwin kufika cha kuno, zombo zinkaima ku Damme katundu nkumusamutsira m'maboti ang'onoang'ono opita ku Bruges, vinyo wa ku France, nsomba za mchere, zonse. Mu 1468 Charles uja wa manda a dzulo anakwatira Margaret wa ku York konkuno. Kenako mchenga ndi matope zinayamba kutseka Zwin pang'onopang'ono, pofika m'ma 1500 malonda anasamukira ku Antwerp, Bruges inasauka, ndipo poti panalibe ndalama zogumulira nyumba zakale kumanga zatsopano, zambiri zinangotsala mmene zinalili mpaka alendo anadzazitulukira, bungwe la UNESCO nkudzaika pakati pa tauniyo pa mndandanda wake wa malo a mbiri ofunika kusungidwa mu 2000. Zonse munaona dzulo zija, nsanja, zojambula, zinagulidwa ndi madzi omwe lero ndi msipu mukupalasapowo. Ngalande yomwe mwatsatayo si Zwin ayi, imeneyo anaikumbitsa ndi Napoleon cha m'ma 1810.

Ngati miyendo ili bwino ndipo nthawi ilipo pitirirani ndi ngalande yomweyo mpaka ku Sluis, makilomita ena 10, mukapezeka muli ku Netherlands osaona chipata kapena wapolisi, koma pasipoti ikhale mthumba. Kungoti kumbukirani, ngati popita mumangouluka osapalasa kwenikweni ndiye kuti mphepo inali kumbuyo, pobwerera muilipira yonse. Ine ndimati tsiku loyeserera lisapitirire theka la mtunda womwe mudzayende mawa, ndipo mubwerere mtauni isanakwane 4 koloko kuti shopu ya njinga muipeze yotsegula. Chishalo chikukupwetekani, giya ikudumpha, sipoko yamasuka, kanenereni lero lomwe, asinthe kapena akupatseni njinga ina.

Zotsala ndi zogula. Masitolo ambiri Lamulungu amatseka kapena amatsegula mmawa okha, ndipo m'midzi ya m'njira mutha kuyenda makilomita ambiri osaona pogula kanthu, nde gulani madzulo ano buledi, tchizi, nthochi, mtedza. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, dzazani mabotolo. Sungani timakobiri ta yuro chifukwa zimbudzi zambiri ndi zolipira. Ngati mbali ina ya ulendo mudzakwera sitima, njinga yosapinda imafuna tikiti yakeyake, yopinda ndi yaulere. Lembani manambala a mawa pa kapepala, tchajani foni ndi magetsi, onani komwe mphepo ichokere mawa, ndipo ngati njira yanu ndi yozungulira yambani ndi mbali yolimbana nayo mukadali ndi mphamvu. Opita ku Ghent, makilomita pafupifupi 45 motsata ngalande ina, atulukire kummwera chakummawa cha ku Gentpoort, opita kunyanja ku Blankenberge kapena Ostend alowere kumpoto kapena kumadzulo. Nyamukani isanakwane 8, ndipo ngati ndi Lachitatu musadutsire pa Markt ndi katundu wanuyo, pamakhala msika, mukankha njinga pakati pa matebulo a tchizi ndi maluwa.